Mafunso ndi Mayankho: Handulo ya Injini ya Boti Ikamakoka Mkono

Mwezi uno tasonkhanitsa makalata a owerenga omwe amayendetsa maboti a injini yopachika kumbuyo, ija yowongolera ndi handulo. Onse akudandaula chinthu chimodzi, chakuti handulo siikhazikika m'manja koma imakokera mbali imodzi. Kuti timvane bwino, paliponse pamene tatchula kumanja kapena kumanzere tikutanthauza mmene munthu angaonere ataima kumbuyo kwa boti n'kuyang'ana kutsogolo.

FUNSO: Akonzi, ndili ndi boti la injini ya 40 hp (hp ndi muyeso wa mphamvu ya injini) lomwe ndimanyamulira katundu. Ndikamayenda pang'onopang'ono palibe vuto, koma ndikangowonjezera moto boti limayamba kupatukira kumanja, ndipo ndimagwira handulo mwamphamvu moti pofika kumene ndikupita phewa limakhala likuwawa. Anzanga ena akuti injiniyo yawonongeka, ena akuti mainjini akuluakulu onse amatero. Zoona zake n'ziti? (Woyendetsa boti la katundu)

YANKHO: Bambo, zikomo chifukwa cha funso lanu. Anzanu amene akuti mainjini amatero sakunama, chifukwa kukokako kumachokera ku pulopela, chipangizo cha mapiko chomwe chimazungulira m'madzi n'kukankha boti, ndipo kumakula pamene mphamvu ya injini ikukula. Koma kukoka kofika popweteketsa phewa si chinthu choti munthu azingochipirira, ndipo kawirikawiri sikusonyeza kuti injini yawonongeka. Kumasonyeza kuti injini sinakhazikidwe bwino pa boti.

Pulopela ya mainjini ambiri imazungulira cha kumanja boti likamapita kutsogolo, kutanthauza kuti phiko lomwe lili kumanja limakhala likutsika pamene lomwe lili kumanzere likukwera. Ngati shafiti, chitsulo chomwe chimazunguliza pulopela, yagona molingana ndi mmene madzi akudutsira pansi pa boti, mapiko a mbali zonse ziwiri amagwira madzi mofanana ndipo handulo imapepuka. Shafitiyo ikapendekeka, phiko la mbali imodzi limagwira madzi ambiri kuposa linzake. Zili ngati anthu awiri opalasa bwato limodzi, wina akumiza nkhafi kwambiri kuposa mnzake, bwatolo silingayende mowongoka. Kusiyana kumeneku kumapotoza injini yonse pamalo omwe imatembenukira, ndipo popeza palibe china chilichonse pakati pa injini ndi dzanja lanu, mphamvu yonseyo imathera m'mkono mwanu.

Choncho choyamba kuyang'ana ndi kapendekekedwe ka mwendo wa injini, gawo lake lapansi lomwe limalowa m'madzi. Mwendo ukalowa kwambiri mkati, pafupi ndi thabwa lakumbuyo kwa boti, phiko lotsika la kumanja ndi lomwe limagwira madzi ambiri, ndipo boti limakokera kumanja, monga momwe lanu likuchitira. Chizindikiro china cha vuto lomweli n'chakuti mutu wa boti umamira n'kumalima madzi m'malo modzuka. Mwendo ukatuluka kwambiri kunja, zinthu zimatembenuka: boti limakokera kumanzere, mutu wake umadumphadumpha, ndipo nthawi zina pulopela imameza mpweya, injini n'kumalira kwambiri koma liwiro osawonjezeka. Pakati pa mbali ziwirizi pali malo omwe handulo imapepuka, ndipo malo amenewo ndiwo mukufuna.

Pa mainjini omwe mwendo wake susunthidwa ndi magetsi, pamakhala pini yomwe imalowa m'mabowo anayi kapena asanu pa chitsulo chomangira injini ku boti. Zimitsani injini, tukulani mwendo, sunthani piniyo bowo limodzi kulowera kunja, kenako yesani botilo pamadzi abata, lili ndi katundu wofanana ndi yemwe mumanyamula masiku onse komanso pa liwiro lomwe mumakonda kuyendera. Musasunthe mabowo awiri nthawi imodzi, ndipo musasinthe zinthu ziwiri pa ulendo umodzi woyesera, chifukwa mukatero simudziwa chomwe chathandiza ndi chomwe chaononga.

Chachiwiri ndi msinkhu womwe injini yakhala pa thabwa lakumbuyo. Pamwamba pa pulopela pali puleti yafulati yomwe imaletsa mpweya kutsikira ku mapiko. Pa mainjini ambiri owongolera ndi handulo, puletiyi iyenera kulingana ndi pansi pa boti kapena kutsika pang'ono, osapitirira mamilimita 25. Boti likakhala pamtunda, gonekani thabwa lowongoka motsatira pansi pake kuti litulukire kumbuyo, muone pamene puletiyo yafika. Miyendo ya mainjini imapangidwa pa misinkhu yodziwika, waufupi wa mainchesi 15, wautali wa mainchesi 20, ndi wina wa mainchesi 25. Zimachitika kuti munthu amagula injini ya mwendo wautali n'kuipachika pa boti lopangidwira mwendo waufupi, ndipo pamenepo pulopela imamira mopitirira ndi mainchesi 5. Mwendo womira chotere umalimbana ndi madzi ambiri, umalemetsa handulo, umachepetsa liwiro ndiponso umadya mafuta. Njira yake ndi kukweza thabwa lakumbuyo mwaluso ndi molimba, osati kungolowetsa timatabwa tosamangika pansi pa injini. Onaninso kuti injini ili pakati penipeni pa boti ndipo yaima chilili, chifukwa ikapendekera mbali imodzi palibe kukonza kwina komwe kungathetse kukokako.

Ziwirizi zikakhala m'malo mwake koma handulo n'kumakokabe, ndi pamene muyenera kugwira kachipsepse komwe kali pansi pa puleti ija, komwe amakaniko amakatcha trim tab. Za kameneka tikambirana poyankha kalata yotsatirayi.

FUNSO: Akonzi, boti langa linkakokera kumanja, ndiye ndinamasula kachipsepse ka pamwamba pa pulopela n'kulozetsa mchira wake kumanzere, poganiza kuti kagwira ntchito ngati chiwongolero. Tsopano likukoka kuposa kale. Ndinalakwitsa pati? (Msodzi)

YANKHO: Bambo, maganizo anu anali omveka, ndipo ambiri amaganiza chimodzimodzi. Chomwe chimasokoneza n'chakuti kachipsepseka sikawongolera boti, kamawongolera injini, ndipo injiniyo ndi yomwe imawongolera boti. Kali kumbuyo kwa malo omwe injini imatembenukira. Mukalozetsa mchira wake kumanja, madzi ochokera ku pulopela amamenya mbali yake ya kumanja n'kukankhira kumbuyo kwa mwendo cha kumanzere, ndipo mwendo ukaloza kumanzere boti nalo limakhotera kumanzere. Ndiye lamulo lake ndi ili: mchira wa kachipsepse uziloza mbali yomwe boti likukokera. Likamakokera kumanja, mchira upite kumanja. Likamakokera kumanzere, mchira upite kumanzere. Mabuku omwe makampani a Yamaha ndi Mercury amapereka pamodzi ndi mainjini awo amalangiza chimodzimodzi.

Pali msampha wina womwe umagwira anthu owongolera ndi handulo okha. Handulo imayenda mosemphana ndi mutu wa boti, kotero kuti boti likamapatukira kumanja, handulo imakhala ikuthawira kumanzere. Munthu akanena kuti injini ikukokera kumanzere, mwina akunena za handulo, pamene makaniko akumva ngati akunena za boti, ndipo mapeto ake kachipsepse kamatembenuzidwira mbali yolakwika. Nthawi zonse ziyang'anani kumene mutu wa boti ukulowera mukafewetsa dzanja pang'ono. Tikuti kufewetsa, osati kusiyiratu handulo.

Pokonza, yambani mwajambula mzere ndi pensulo kuchokera pa kachipsepse kufika pa puleti kuti mudziwe pamene kanali. Kamagwidwa ndi bawuti imodzi, yomwe pa mainjini ena imamasulidwira pansi, pa ena pamwamba mutachotsa kachivundikiro kapulasitiki. Masulani pang'ono, tembenuzani mchira mamilimita ochepa chabe, mangani bawuti molimba monga buku la injini yanu likunenera, kenako pitani mukayese. Musanalowe m'madzi, injini ili yozima, giya ili pa fuli (yosalowetsedwa kutsogolo kapena kumbuyo) ndipo chingwe chozimitsira injini chachotsedwa, zungulizani pulopela ndi dzanja muone ngati mapiko sakukhudza kachipsepseko, makamaka ngati munasintha pulopela posachedwapa. Mapulopela ena ali ndi mapiko opendekera kumbuyo kwambiri moti amafuna kachipsepse kakafupi. Dziwaninso kuti injini ikakwezedwa mpaka puleti ija kukhala mamilimita 50 kapena kuposerapo pamwamba pa pansi pa boti, kachipsepseka sikamira mokwanira m'madzi ndipo kutembenuza kwake sikuthandiza kwenikweni.

FUNSO: Ndinakonza kachipsepse ndipo boti likakhala lopanda katundu limayenda bwino. Likadzaza limayambiranso kukoka. Kodi ndizikatembenuza tsiku lililonse? (Wowerenga wina)

YANKHO: Ayi, musadzivute choncho. Kachipsepseka kamathetsa kukoka pa liwiro limodzi, katundu mmodzi ndi kapendekekedwe kamodzi ka mwendo, chifukwa mphamvu yake imadalira kuthamanga kwa madzi omwe akukamenya. Katundu akachuluka kumbuyo, boti limakhala pansi cha kumbuyo, mutu n'kudzuka, ndipo madzi amafika ku pulopela mopendekeka mosiyana ndi poyamba. Kakonzeni molingana ndi ulendo womwe mumayenda nthawi zambiri ndiponso nthawi yaitali, ndipo muvomereze kukoka pang'ono pa maulendo enawo.

Chomwe mungasinthe tsiku lililonse ndi kaikidwe ka katundu. Pulopela ikamazungulira cha kumanja imayesa kupendeketsa boti lonse cha kumanzere, ndipo mphamvu yake si yochepa. Injini ya 40 hp yozungulira ka 5000 pa mphindi, yomwe magiya ake amachepetsa liwirolo ndi theka, imapotoza shafiti ya pulopela ndi mphamvu yolingana ndi makilogalamu pafupifupi 11 atakolekedwa kumapeto kwa ndodo ya mita imodzi. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe woyendetsa amakhalira kumanja n'kugwira handulo ndi dzanja lamanzere. Boti lopendekeka siliyenda mowongoka, choncho thanki ya mafuta, batire, katundu ndi anthu ziikidwe mwakuti boti likhale lolingana mbali zonse pamene likuthamanga, osati pamene laima padoko pokha.

FUNSO: Akonzi, mwana wanga wamwamuna ndi amene amayendetsa boti lathu. Atadandaula za kukoka, makaniko wina anamanga kwambiri sikuluwu ina pakhosi pa injini. Panopa handulo siikokanso, koma yalimba moti poitembenuza amafunika manja awiri. Iye akuti zili bwino, koma ine mtima sukukhazikika. (Mayi wodera nkhawa)

YANKHO: Mayi, nkhawa yanu ndi yoyenera, ndipo tikupempha kuti sikuluwuyo imasulidwe botilo lisanapitenso pamadzi. Sikuluwu imeneyi, yomwe pa mainjini ena imakhala kachogwirira kosunthira uku ndi uku, ntchito yake ndi kuwonjezera kulimba pang'ono pamalo omwe injini imatembenukira, kuti handulo isamagwedezeke ndi kafunde kalikonse. Siichotsa mphamvu yomwe ikukoka injini. Mphamvuyo ikadalipo, yangobisika, ndipo boti likupitirizabe kutaya mafuta polimbana nayo.

Kuopsa kwake kuli pawiri. Tsiku lomwe kutsogolo kudzatulukira mwala, ukonde, bwato lina kapena munthu wosambira, mwana wanu adzafunika kukhota m'kanthawi kochepa ndi dzanja limodzi, linalo litagwira boti, ndipo handulo yolimba idzamuchedwetsa. Ikadzagonja idzapita mwadzidzidzi n'kupitirira pomwe amafuna, ndipo boti lothamanga likakhota motero limatha kuponya anthu m'madzi. Komanso sikuluwu zoterezi zimadyeka n'kumasuka zokha pang'onopang'ono, kotero kukoka komwe kunabisika kumadzabwerera munthu atazolowera kugwira mofewa.

Sitikunena kuti sikuluwuyo imasulidwe kotheratu, chifukwa handulo yopanda kulimba kulikonse nayo ndi yoopsa: dzanja likangopulumuka, injini imatembenuka mpaka kumapeto ndipo boti limazungulira mwamphamvu. Mlingo wabwino ndi wakuti handulo iziyenda ndi dzanja limodzi kuchokera mbali ina kufika ina popanda kugwiragwira, koma isamagwe yokha boti likapendekeka. Ndipo kulimbitsaku kuzibwera pamapeto, pini, msinkhu wa injini ndi kachipsepse zitakonzedwa kale. Ngati mwamasula sikuluwu koma handulo ikadali yolimba, vuto ndi girisi wouma kapena dzimbiri m'paipi yomwe injini imatembenukiramo. Pamakhala timabowo topopera girisi, ndipo girisi wake ayenera kukhala wosasungunuka ndi madzi.

Pali chinthu china chomwe tikufuna mumuumirize mwana wanuyo, ndicho kumanga chingwe chozimitsira injini pamwendo kapena pa jekete yake yoyandamitsa nthawi zonse injini ikamalira. Woyendetsa akagwera m'madzi injini n'kupitiriza kulira, kukoka komwe tikukambaku kumatembenuza injini, boti limayamba kuzungulira, ndipo limabwerera pamalo omwe munthuyo wagwera pulopela ikuzungulira. Chingwecho chikasololoka injini imazima nthawi yomweyo. Chiziyesedwa musananyamuke pochisolola injini ikulira pang'onopang'ono.

FUNSO: Injini yanga ndi ya 8 hp ndipo ilibe kachipsepse kotembenuza. Kale inkayenda mowongoka, koma chigundireni mwala imakokera mbali imodzi ndiponso imanjenjemera. (Mwini boti laling'ono)

YANKHO: Mainjini ang'onoang'ono ambiri alibedi kachipsepseka chifukwa kukoka kwawo kumakhala kochepa. Kwa inu, popeza vuto linayamba tsiku lodziwika, chifukwa chake chili pa zomwe zinagunda mwalawo. Yang'anani chipsepse chachikulu chapansi penipeni pa mwendo, chomwe amachitcha skeg. Imani kumbuyo injini itawongoka muone ngati chikadali pamzere umodzi ndi mwendo. Chikapindika ngakhale pang'ono chimakankha mwendo mbali imodzi nthawi zonse. Chimapangidwa ndi aluminiyamu woumba yemwe amathyoka msanga akamenyedwa ndi hamala, choncho chiperekeni kwa munthu wodziwa kuwongola ndi kuwotcherera aluminiyamu.

Kunjenjemerako kukuloza ku pulopela kapena shafiti yake. Phiko lopindika kapena lobenthuka limagwira madzi mosiyana ndi anzake. Chotsani pulopela, zungulizani shafiti ndi dzanja mukuyang'ana kumapeto kwake, ndipo ngati ikuvina ndiye kuti yapindika. Shafiti yotere imadya mphira zotchinga madzi, madzi n'kulowa mu oyilo wa magiya, ndipo oyiloyo amasanduka woyera akasakanikirana ndi madziwo. Zikafika pamenepo musayendenso mpaka zitakonzedwa.

FUNSO: Kachipsepse ka pa injini yanga kadyeka ndipo kali ndi timabowo. Ndikapake penti kuti kasathe? (Wowerenga wina)

YANKHO: Musakapake. Pa mainjini ambiri kachipsepseka kali ndi ntchito yachiwiri, yodyeka m'malo mwa mwendo wa injini, ndipo penti imalepheretsa ntchito imeneyi, dzimbiri n'kuyamba kudya mwendowo. Kakatha pafupifupi theka gulani kena, chifukwa kodyeka sikathanso kuthetsa kukoka. Ka zinki ndi ka m'madzi amchere, ka maginiziyamu ndi ka m'madzi opanda mchere, ndipo ka aluminiyamu wopangidwira ntchitoyi kamagwira m'madzi amchere ndi osakanizika. Poika katsopano, palani bwino pamalo pake kuti chitsulo chikhudzane ndi chitsulo, ndipo kalozetseni monga kakale kanalozera musanayambe kuyesa.

FUNSO: Ndikufuna kuchoka pa injini ya 25 hp kupita pa ya 60 hp koma ndikuopa kukoka. Kodi kutalikitsa handulo kapena kusintha pulopela kungathandize? (Woyendetsa boti la alendo)

YANKHO: Bambo, musanaganize za handulo, tsimikizani kuti boti lanu linapangidwa kuti linyamule mphamvu ndi kulemera kwa injini yoteroyo. Opanga maboti amalemba malire ake, ndipo ena amaika malire otsika pa injini ya handulo kusiyana ndi yowongolera ndi chiwongolero. Malire amenewa sayenera kudumphidwa.

Handulo yaitali imachepetsadi mphamvu yomwe dzanja limamva, ndipo n'chifukwa chake mainjini akuluakulu amabwera ndi mahandulo aatali. Koma paipi yongolumikiza kumapeto ili ndi zovuta zake: imakutalikitsani ndi giya komanso batani lozimitsira, imafuna malo aakulu pokhota, ndipo ikasololoka boti likuthamanga mumatsala opanda chogwira. Zolumikiza zomwe zimapindika pakati n'zoyenera pa liwiro lochepa lokha. Ngati mukufuna yaitali, gulani yomwe inapangidwira injini yanuyo.

Pulopela nayo ili ndi gawo lake. Pa pulopela pamalembedwa manambala awiri, monga 11 x 15, loyamba likunena kukula kwake m'mainchesi, lachiwiri mtunda womwe ingayende ikazungulira kamodzi pakanakhala kuti madzi saterera. Nambala yachiwiri ikakwera mopitirira, injini imalemedwa, siifika pa liwiro lomwe inapangidwira, ndipo handulo imalemera. Kusintha inchi imodzi pa nambala imeneyi kumasintha kuzungulira kwa injini ndi ka 150 mpaka 200 pa mphindi. Pulopela yoyenera ndi yomwe imalola injini, moto uli wonse ndipo boti lili ndi katundu wake wa masiku onse, kufika m'malire omwe buku lake limanena, omwe pa mainjini ambiri a msinkhu umenewu amakhala kuzungulira penapake pakati pa ka 4500 ndi ka 6000 pa mphindi. Musasankhe pulopela pofuna kupeputsa handulo yokha injini n'kumalira mopyola malirewo.

Ubwino wa mainjini ambiri a 60 hp n'ngwakuti mwendo wake umasunthidwa ndi batani, lomwe nthawi zina limakhala pa handulo pomwepo. Ponyamuka mumalowetsa mwendo mkati kuti boti lidzuke msanga, ndipo panthawiyo handulo imakoka ndithu, choncho gwirani molimba ndipo muwonjezere moto pang'onopang'ono. Boti likayamba kutsetsereka pamwamba pa madzi mumautulutsa pang'onopang'ono mpaka mutamva handulo ikupepuka m'dzanja, n'kulekera pomwepo. Kachipsepse kakonzedwe mwendo uli pamalo amenewo. Pa mainjini okulirapo kuposa amenewa, kampani ya Mercury imagulitsa mahandulo othandizidwa ndi mphamvu ya oyilo wopanikizidwa, ndipo ngati maulendo anu ndi aatali komanso mumanyamula anthu, funsani wogulitsa ngati zipangizo zoterezi zilipo pa injini yomwe mukufuna musanalipire.